DIMBA NDI BWALO LA PAKHOMO: NTHAKA IDYE, NTHAKA IPFUNDE

Mau awa alembedwa kwa inu eni nyumba, amene muli ndi banja loyang'ana kwa inu pa cakudya.

Caka ndi caka, pofika mwezi wa Okotobala, m'midzi yambiri mumveka dandaulo limodzi: ufa ulipo, koma ndiwo palibe. Nkhwani unatha kale, mfutso wa m'cikwatu watsala pang'ono, ndipo amai ayenda mtunda kufuna masamba a kuthengo, nabwera ndi osakwana mphika. Banja lifooka pa nyengo yomweyo imene nchito ya kusosa ndi kugalauza ifuna mphamvu. Koma m'mudzi womwewo, pansi pa dzuwa lomwelo, mupeza nyumba imodzi kapena ziwiri zimene mpiru suzisowa, matimati ali psuu m'dimba, ndi pabwalo palibe pfumbi. Ena amati mwini wace ali ndi dzanja labwino. Ena anong'ona kuti ali ndi mankhwala. Mukapenyetsa nchito yace mudzaona kuti asamala tinthu tating'ono tsiku ndi tsiku, ndipo cacikuru mwa tonseto ndi ici: nthaka yace aidyetsa, ndiponso saisiya yosapfunda. Tiyeni tione m'mene izi zicitikira, ndi pamene ambiri apunthwa.

CIMENE TSACE NDI MVULA ZICITA PABWALO

Tiyambe ndi bwalo, popeza ndilo muliona poturuka m'mawa. Bwalo losesedwa bwino ndilo ulemu wa pakhomo, ndipo amai amene alisesa mbandakuca ayenera kuyamikidwa. Koma taimani pa khonde la nyumba imene yakhala zaka 10, nimuyang'ane m'tsinde mwa cipupa. Mudzaona maziko aonekera, mizu ya mango iri pamtunda, ndi pakhomo pamene kale mwana anangolowa tsopano ayenera kukwera. Nthakayo inapita kuti? Tsace licotsa pang'ono tsiku liri lonse. Dzuwa liumitsa potsalapo. Ndipo mvula ikagwa pa dothi lopanda kanthu, madontho ace aliswa, madzi a padenga nalinyamula kunka nalo kumtsinje. Kangalande kamene lero mwana akadumpha kadzakhala cigwembe cogwetsa nyumba.

Cochinjiriza cace ndico kapinga, udzu waufupi uja woyanga pansi, umene muudziwa m'mabwalo a masukulu ndi m'mbali mwa njira. Mizu yace igwira dothi. Pamene pali kapinga madzi alowa pansi m'malo mothamanga, pfumbi silibuka kulowa m'cakudya, ana asewera popanda matope, ndipo masana pabwalo pazizira.

Komatu musabzale ponseponse. Kuzungulira nyumba, pophikira, nkhokwe ndi khola siyani malo osesa a mapazi 4 kapena 5. Pamenepo ndipo muona ngati njoka yadutsa kapena ciswe cayamba njira, ndiponso moto wa lupsa uimapo. Pamene madzi a padenga agwera yalani timiyala. Siyaninso poyanika ufa ndi popuntha nyemba. Malo ena onse, makamaka otsetsereka, apatseni kapinga.

KABZALIDWE KA KAPINGA NDI MABVUTO ACE

Nthawi yace ndiyo mvula itakhazikika, nthaka itanyowa bwino, kawirikawiri m'Disembala. Gaulani kuya kwa khasu, cotsani miyala, sakanizani manyowa pang'ono, nimusalaze. Dulani nthambi zoyanga za kapinga kutalika kwa cikhatho, iri yonse ikhale ndi mfundo 3. Muzibzale m'mizere yotalikirana phazi limodzi, mizereyo ipingase kumene madzi atsetserekera. Kwirirani mfundo 2, imodzi itsale kunja, nimutsendere ndi phazi. Masabata oyamba zulani ndi manja udzu wina womera pakati, ndipo ana ndi mbuzi asapondepo. Pofika masika mizere idzakhala itakomana.

Tsono mabvuto amene ambiri akomana nao ndi awa. Wina adandaula kuti pansi pa mango kapinga afa. Iye abzalanso, nafanso. Cifukwa cace kapinga akonda dzuwa, ndipo mumthunzi waukuru sakhala; pamenepo pasiyeni pakhale pokhalira anthu. Wina amchecha kufikira dothi lionekera, poti asabwerezenso msanga. Dzuwa liocha mizu, ndi udzu woipa ulowa m'mipatamo. Nolani cikwakwa, ndipo pa nthawi imodzi musadule koposa limodzi la magawo 3 a msinkhu wace. Patsale kutalika kwa zala 2 kapena 3. Wina amlekerera osachecha konse, nakula kufika m'maondo. Pamenepo abisa njoka, nkhupakupa ndi udzudzu, ndipo bwalo lotere liposa kuipa bwalo lopanda udzu. Dziwani kuti udzudzu ungobisala m'udzu, koma uswana m'madzi oima. Cifukwa cace kwirirani maenje, ndi kutaya madzi a m'zitini, m'mapale ndi m'matayala akale.

M'malimwe kapinga auma nakhala wofiirira, ndipo ena amayesa wafa, namtentha kapena kumgaula. Sanafe ai, angogona. Mvula yoyamba ikagwa abiriwira masiku owerengeka. Musamtenthe, musatayenso pa iye madzi amene akazi anu ndi ana anu asenza pamutu. Madziwo apite ku ndiwo.

Bvuto lotsiriza ndi ili: kapinga pabwalo ndiye bwenzi, koma akalowa m'dimba asanduka mdani wobvuta kumcotsa, pakuti kacidutswa kali konse kotsala m'dothi kaphukanso. Kumbani kangalande kuya kwa phazi limodzi pakati pa bwalo ndi dimba, ndipo mwezi uli wonse dulani nthambi zofuna kuoloka.

ZINYALALA ZA PABWALO NDIZO CAKUDYA CA DIMBA

Madzulo ambiri utsi ukwera kuseri kwa nyumba, pamene masamba osesedwa, makoko a mtedza ndi mapesi zitenthedwa. Utsi umenewo ndiwo ndiwo zanu za m'malimwe zirikuuluka. Potentha, cakudya cija cobiriwitsa masamba, cimene ophunzira acicha naitrojeni, cithawira kumwamba, natsala phulusa lokha. Zinthu zomwezo zikaola bwino zisanduka manyowa, amene adyetsa mbeu, nafewetsa dothi louma, nathandiza mcenga kusunga madzi.

Njira ya kuoletsa zinyalala pamulu inalongosoledwa bwino ndi Sir Albert Howard, amene anagwira nchito ku Indore m'dziko la India kuyambira 1924 kufikira 1931, ataphunzira zambiri kwa alimi a kumeneko. Siifuna ndalama. Sankhani malo a mthunzi pafupi ndi dimba. Yalani pansi mapesi kapena tinthambi kuti mpweya ulowe. Pamwamba pace ikani zouma, monga masamba ndi udzu, kucindikala kwa cikhatho. Pamenepo zaziwisi, monga kapinga wochecha, makoko a nthoci ndi zopalira. Pamenepo ndowe za ng'ombe, mbuzi kapena zitosi za nkhuku, kucindikala kwa zala 2. Nimuwaze phulusa pang'ono ndi dothi la pamwamba. Thirani madzi kuti zinyowe koma zisacite cithaphwi. Bwerezani comweco kufikira mulu wafika m'cifuwa, m'lifupi mwace mapazi 5, nimuupfunditse udzu.

Zikani ndodo pakati pa mulu. Patapita masiku 4 kapena 5 izuleni ndi kuigwira. Ikakhala yotentha ndi yonyowa, nchito irikuyenda. Ikakhala youma ndi yotuwa, onjezani madzi. Ikakhala yozizira, ndi pfungo loipa, madzi acuruka. Phwasulani, sakanizani udzu wouma, nimuunjikenso. Pakutha pa masabata 3 tembenuzani mulu, za kunja zilowe m'kati, ndipo bwerezani kawiri kapena katatu. Ikatha miyezi 3 mudzapeza manyowa akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Thirani ndowa imodzi pa malo a mapazi 3 m'litali ndi 3 m'lifupi.

Pamulupo musaikepo mizu ya kapinga, dawe kapena namsongole, mbeu zodwala, mapulasitiki, mabatire akutha, ngakhale zonyansa za anthu ndi za agaru. Cenjeraninso ndi zitosi zaziwisi: ambiri aocha mbeu zao pozithira pamizu zisanaole.

MALO A DIMBA NDI MPANDA WACE

Dimba liyenera kukhala pafupi ndi madzi, pa dzuwa, ndi pamene maso anu afika tsiku ndi tsiku. Litalikire mitengo ya bulugamu, pakuti imwa madzi ambiri. Koma msangu musaudule, popeza ugwetsa masamba ace m'dzinja, nanonetsa nthaka. Ngati dimba liri m'mbali mwa mtsinje, musalime kufikira m'mphepete penipeni. Siyani bango, nsenjere ndi mitengo zigwire gombe. Anthu a kum'mwera kwa Malawi, amene anaona madzi a namondwe wa Freddy m'Malici 2023, adziwa mphamvu ya mtsinje wosefukira. Citsime ca m'dimba muchinge, kuti mwana angagweremo.

Kuseri kwa nyumba kuli madzi ena amene atayika cabe: a kubafa ndi a potsukira mbale. Akumbireni kanjira kopita pa phando la nthoci kapena pa papaya, ndipo mudzadya zipatso pamene kale panali cithaphwi ca udzudzu. Koma madzi otere musawathire pa masamba odya.

Musafese kanthu mpanda usanathe. Nchito ya miyezi 2 mbuzi imodzi iitha m'masana amodzi, ndipo cotsatira cace ndi mlandu kwa mfumu ndi udani ndi mbale wanu. M'malimwe, pamene ziweto zimasulidwa, mpanda wa tsekera kapena bango ukhale wothinana pansi cifukwa ca nkhuku, ndi citseko cotsekeka bwino, cimene ngakhale mwana akhoza kutseka. Kumene madimba ali pamodzi, panganani ndi anansi kumanga mpanda umodzi ndi kulondera mosinthana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndipo musayambe ndi dimba lalikuru. Ambiri m'Meyi, madzi ali pafupi, alima malo akuru ndi mtima wokondwa. Pofika Seputembala citsime catsika, mikono yalema, ndipo zonse zifota pamodzi. Mabedi 4 a mapazi 3 m'lifupi ndi 15 m'litali, osamalidwa bwino, adyetsa banja koposa mabedi 20 olekerera. Pa malo onyowa ndi m'dzinja mabedi akhale okwera, kuti mizu ingaole. Pa malo ouma m'malimwe akhale olowa pansi pang'ono, kuti asunge madzi.

NAZALE: M'MERA MPOYAMBA

Matimati, kabici, anyezi ndi mpiru ziyamba pa nazale, ndipo apa ndi pamene ambiri ataya mbeu ndi ndalama. Dothi lace likhale losalala, losakaniza ndi manyowa oola bwino. Lembani timizere ndi cala, totalikirana cikhatho, nimufese mopatula, osati mothithikana. Mbeu zazing'ono zifuna dothi locepa pamwamba pao. Zokwiriridwa mozama sizituruka. Phimbani ndi udzu wouma wopanda njere, nimuthirire pamwamba pa udzuwo.

Kuyambira tsiku lacinai suzumirani pansi pa udzu m'mawa uli wonse. Mbeu zikangoturuka cotsani udzu, nimuukweze pa kathandala kutalika kwa mkono. Mukacedwa masiku 2 okha, mbande zitalika, ziyera, nizigwa. Bvuto lina ndi ili: mbande zimera bwino, koma m'mawa wina mupeza zagona, tsinde lace lafota pamene likhudza dothi. Imeneyi ndi nthenda yokonda cinyezi ndi kuthinana. Zulani zodwala, patulirani zotsala, cepetsani madzi ndi mthunzi, ndipo caka camawa nazale ikhale pena.

Matimati, kabici ndi mpiru ziokedwa patapita ngati masabata 4, ziri ndi masamba 4 kapena 5; anyezi adikira masabata 6 kufikira 8, kufikira tsinde lalingana ndi pensulo. Sabata lotsiriza cotsani mthunzi ndi kucepetsa madzi, kuti mbande zizolowere dzuwa. Okani madzulo, mutathirira nazale, ndipo mbande iri yonse inyamuke ndi dothi lace. Kabici atalikirane mapazi 2. Matimati mapazi 2 mumzere ndi 3 pakati pa mizere. Mpiru phazi limodzi ndi theka. Anyezi zala 4. Maso amati malo atayika, koma mbeu zothinana zilimbirana cakudya, nizipatsirana nthenda.

KUTHIRIRA NDI KUPFUNDITSA

Kuwaza madzi pang'ono pamwamba kunyenga mwini dimba: dothi lioneka lonyowa, koma pansi pali gwa, ndipo mizu ikhala pamwamba pamene dzuwa liiocha. Thirirani mokwanira kuti madzi alowe kuya kwa cikhatho. Pofuna kudziwa ngati nthawi yakwana, pisani cala m'dothi. Cikaturuka conyowa, dikirani. Thirirani m'mawa kapena madzulo, ndipo madzi agwere pa dothi, osati pa masamba a matimati, pakuti masamba onyowa aitana ciwau, makamaka m'masiku a mitambo ndi ciperoni.

Mukaona matimati akuda kunsi kwace, kapena ang'ambika pakupsa, kawirikawiri cifukwa cace ndi kuthirira kodumphadumpha: lero madzi ambiri, masiku 4 opanda kanthu. Palibe mankhwala a m'sitolo ocotsa bvuto limeneli koposa kusunga nthawi ya kuthirira. Matimati muwaimikirenso timitengo, kuti zipatso zisagone pansi.

Tsono copfunda. Monga kapinga apfunditsa bwalo, comweco bedi liri lonse lipfunde udzu wouma, masamba kapena makoko a nyemba, kucindikala kwa zala 3. Yesani nokha: pfunditsani bedi limodzi, linzace mulisiye, ndipo masana pisani dzanja m'mabedi onse awiri. Lina mudzalipeza lotentha ndi louma, lina lozizira ndi lonyowa. Bedi lopfunda lifuna mitsuko yocepa, silimera udzu wambiri, ndipo copfundaco cikaola cisanduka cakudya. Ena aopa ciswe. Cidzabwera ndithu kudya udzu woumawo. Cifukwa cace siyani mpata wa zala 3 kuzungulira tsinde, ndipo copfunda cikatha onjezani cina. Walira mvula walira matope: kutaya mtolo wa udzu n'kwapafupi koposa kutaya madzi a citsime.

ADANI A M'DIMBA

Mlimi woyendera dimba lace m'mawa uli wonse, natembenuza masamba kuona kunsi kwace, apeza mdani akali wocepa.

Mukapeza mbande yadulidwa patsinde usiku, fukulani ndi cala pafupi pomwepo. Mudzapeza mbozi yotuwa itadzipinda. Iphani, isanadule ina. Nsabwe za masamba ziunjikana kunsi kwa mpiru ndi kabici, masamba nakwinyika. Zikali zocepa zitikiteni ndi zala, kapena wazani madzulo madzi osungunulamo kacidutswa ka sopo wocapira. Yambani mwayesa pa mbeu zowerengeka. Madzi onyikamo masamba osinja a nimu kapena a ombwe athandizanso, koma otsala musawataye mumtsinje, pakuti ombwe apha nsomba. Mukaona pakati pa nsabwezo kacirombo kozungulira, kofiira, ka madontho akuda, kasiyeni; kalikudya nsabwe. Acule, abuluzi ndi mbalame zambiri ndi anchito anu osalipidwa.

Kale anthu analangizidwa kuwaza madzi a fodya. Musatero: madziwo ali ndi ululu woopsa kwa munthu, ndiponso fodya anyamula nthenda yopiringiza ndi kucita mawanga masamba a matimati. Wogwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze matimati.

Pali kambozi kena ka matimati kocokera ku South America, kamene kanaoneka ku Spain m'caka ca 2006, ndipo tsopano kafika ndi kuno. Kadya m'kati mwa tsamba, nikasiya mawanga oyera, nikaboolanso zipatso. Thyolani masamba ogwidwa, kwirirani mozama zipatso zoboola, ndipo mukatha kukolola zulani mitengo yonse. Musasiye munda wakale uli ciimire pafupi ndi nazale yatsopano.

Mtengo wa matimati ukafota msanga masamba akali obiriwira, dothi liri lonyowa, dulani kacidutswa ka tsinde, nimukaviike m'tambula ya madzi oyera. Mukaona timaulusi toyera ngati mkaka tirikutsika, nthendayo iri m'dothi, ndipo iribe mankhwala. Zulani mtengowo ndi mizu yace, muutenthe. Mbeu zina zipinimbira popanda cifukwa cooneka. Mukazizula mupeza mizu yatupa mfundomfundo. Timeneto ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Musasokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba, khobwe ndi mtedza, timene tikanganuka mukatikhudza, ndi m'kati mwace mofiirira. Timeneto ndi tabwino, tinonetsa nthaka.

Cochinjiriza ca nthenda za m'dothi ndico kasinthasintha. Matimati, mbatata ya kacewere, mabiringano, tsabola ndi fodya ndi a banja limodzi, nadwala nthenda zofanana. Asatsatane pa bedi limodzi, ndipo padutse zaka 3 asanabwererepo. Kabici ndi mpiru ndi banja linanso. Pakati pace bzalanipo anyezi, cimanga cacikuru ca m'dimba, kapena nyemba.

Mukagula mankhwala a m'sitolo, funsani mlangizi wa zaulimi, pakuti safunsa anadya phula. Mankhwala a thonje kapena a fodya asapite pa ndiwo. Werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole, nimuwasunge ndithu, ngakhale ndiwozo ndi zogulitsa. Wogulayo alinso ndi ana. Botolo likhale kutali ndi ana ndi cakudya, ndipo lisasandutsidwe cotungira madzi.

ZOYENERA KUBZALA

Musanyoze ndiwo za makolo. Bonongwe, luni, cisoso, denje, khwanya, citambe, kholowa, cigwada ndi nkhwani zipirira kutentha ndi tizirombo koposa kabici, mbeu zace simugula, ndipo masamba ace obiriwira kwambiri apatsa thupi zofunika zimene ziri zocepa mu mutu woyera wa kabici. M'miyezi yozizira, kuyambira Epulo kufikira Julayi, kabici, mpiru ndi anyezi zicita bwino. Kukatentha, bonongwe ndi therere ndizo zikondwa. Ikaninso mzere wa mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, pamodzi ndi papaya ndi maungu. Zimenezi ziri ndi vitamini A, amene asunga maso a ana ndi kulimbitsa thupi pa matenda. Ndiwo zotendera nsinjiro zithandiza thupi kulandira vitamini ameneyu. Koma cidulo cambiri ndi kuphikitsa ziononga zina zabwino za m'masamba.

Musafese mbeu zonse tsiku limodzi. Wofesa paketi lonse pamodzi akhala ndi mpiru wosefukira masabata 3, pambuyo pace alibe kanthu. Fesani pang'ono masabata 2 kapena 3 ali onse. Ofuna kugulitsa akumbukire zimene zioneka pa misika monga ya Lizulu ndi Jenda: pamene onse akolola matimati pamodzi mtengo ugwa, ndi madengu aolera m'mbali mwa msewu. Banja liyambe ladya. Zotsala ndizo za kumsika.

Pamene ndiwo zacuruka, futsani. Masamba awiritsidwe kanthawi kocepa, nayanikidwe pa mphasa yoyera pa mthunzi wopita mphepo, kufikira aphwanyika m'manja. Pamenepo asungidwe pouma. Za mbeu, siyani mitengo yamphamvu ndi yopanda nthenda ikhwime. Musadye zabwino zonse ndi kusunga mbeu ya zotsalira. Koma mbeu za haibulidi, zolembedwa F1 pa paketi, ana ace safanana ndi make. Zimenezo zigulidwa mwatsopano.

PAMENE MWALEPHERA

Palibe mwini dimba amene zonse zimyendera. Caka cina cisanu ciocha matimati a kudambo m'Juni kapena Julayi. Caka cina citsime ciphwa. Tsiku lina mwana aiwala citseko. Musataye khasu, musayambenso kuganizira mnansi. Zulani mbeu yakufayo, penyani mizu, tsinde ndi kunsi kwa masamba, pisani cala m'dothi, nimufunse kuti cacitika nciani. Mukalephera kuzindikira, nyamulani mtengo wonse ndi mizu yace kunka nao kwa mlangizi. Ndipo dziwani kuti ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, kuli malo a boma ofufuza za ndiwo ndi zipatso, kumene nzeru zambiri za alangizi zicokera. Lembani m'kabuku tsiku lofesa, bedi lace ndi cimene cinaturuka, kuti caka camawa musapunthwe pa mwala womwewo.

Zaka za njala, monga 1949 ndi 2002, zitikumbutsa kuti munda wa mvula wokha ukhoza kulephera, ndipo nyumba imene iri ndi dimba, mbatata ndi mitengo ya zipatso iri ndi pena pogwira. Nchito imeneyi musaisiyire amai okha. Kukumba citsime, kumanga mpanda, kutembenuza mulu ndi kuchecha zifuna mikono ya abambo ndi anyamata. Ndipo mwana ali yense apatsidwe kabedi kace, aphunzire akali wamng'ono.

Cotero m'masika sonkhanitsani mapesi ndi udzu moto usanadutse, nimuunjike mulu woyamba. M'Epulo ndi Meyi mangani mpanda ndi kufesa nazale. M'malimwe pfunditsani mabedi ndi kusunga nthawi ya madzi. Mvula ikakhazikika bzalani kapinga, ndi mitengo ya zipatso. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mulungu ndiye apatsa mvula ndi dzuwa, ndiye ameretsa mbeu. Nthaka ya pakhomo panu anaiika m'manja mwanu, kuti ana anu adzailandire yabwino koposa m'mene munaipezera. Sabata lino lomwe sankhani malo a mulu wa manyowa, ndipo uzani a pabanja panu kuti zosesa za mawa zisatenthedwe.